Phewa la Apongozi Anga

Nkhani iyi sindinaiuzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga amene ndinagona naye mphasa imodzi mpaka tsiku lake lomaliza. Onse amene analipo anatsogola. Ndatsala ine ndi maso osaona bwino, ndiye ndati ndiilembe dzanja lisanayambe kukana.

Ndinabadwira ku Malindi, tsidya la kum'mawa la nyanja, koma sukulu ya mishoni ndinkangoidutsa pakhomo. Bambo ankafuna wopalasa bwato, osati wowerenga. Zilembo ndinadzazidziwa ndili ndi ndevu, ku sukulu ya kwacha, nditakwatira kale ku Nkope n'kukhala pachikamwini. Kuwerenga kwanga kwa ndi chala kuja n'kumene kunandipatsa ukhansala. Anthu anati, "Uyu azikatimvera zimene akulemba ku boma."

Amene anandikankhira kumeneko anali bwana wanga wakale wa pa khoka la chilimira, Myao, Msilamu wosaphonya swala. Anandilandira nditangowoloka nyanja ndili ndi kabudula mmodzi, n'kundiika m'gulu la alovi awo, anyamata okoka khoka. Ndinkawatchula kuti achimwene. Iwo ankanditchula kuti ansembe, pondiseka za tchalitchi chathu cha ku Malindi. Achimwenewo ndiwo anali wapampando wa khonsolo yathu ku Mangochi, ndipo chaka ndi chaka tikamasankha ankabwererapo.

Pakati pa Nkope ndi Makokola panali dooko lathu, pamene midzi ingapo inkakocheza mabwato ndi kuyanika usipa pa thandala. Amayi ankachapa pomwepo, ana ankaphunzirira kusambira pomwepo. Mkulu wina wamalonda wa kumzinda anawasirira malowo. Ankafuna kumangapo nyumba zogona alendo ndi kuzinga waya mpaka m'madzi. Pempho lake linkafika ku khonsolo, koma wapampando ndiye ankaloleza nkhani kulowa mumsonkhano, ndipo achimwene ankangoti, "Imeneyi sinapse," n'kuiika pambali. Aliyense ankadziwa kuti tsiku limene adzachoke pampando, dooko lapita.

M'khonsolomo munalinso apongozi anga aakazi, mayi ake a mkazi wanga, oimira amayi a chipani. Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Sudyera pamene ali, suwapatsa chanza, nanji kuwakhudza. Ndiye tinali ndi kakhalidwe kathu: iwo ankakhala kuseri kwa chipilala, ine pakona, nkhope nditalozetsa kuzenera. Akamayankhula ndinkayang'ana zala zanga za kumapazi. Popeza khomo linali limodzi, potuluka ndinkatsalira m'kati mpaka iwo atafika patali.

Anzanga ankandiseka nazo. Achimwene ankati, "Ansembe, khosi limenelo lidzapindikiratu. Nkhuku imodzi yokha mukuumira nayo? Kaperekeni, akulu akuyanjanitseni, muzipatsana moni ngati anthu."

Mwambo wothetsera kuthawanako unalipodi. Ine ndinkangoti ndichita ikatha nyengo ya usipa, ikatha nyengo ya dzinja. Kunena zoona, ndinkanyadira kuti ndine mkamwini wosunga ulemu.

Tsiku la chisankho kunatentha kuyambira m'mawa. Ndinatsegula ndi pemphero, wina anapereka duwa, pemphero la Chisilamu, mlembi anawerenga zimene tinakambirana pamsonkhano wapita. Kutsogolo, pansi pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, kunakhala mlendo amene sankabwera kawirikawiri: mkulu wa chipani wa m'boma lathu. Achinyamata ake awiri anaima pakhomo.

Maina anatuluka awiri. Achimwene, ndi khansala wina wa m'tauni, mwini sitolo ya zitsulo, wophunzira, amene anthu ankamuona akudya ndi wamalonda uja. Mlembi anayamba kung'amba timapepala monga mwa nthawi zonse, koma mkulu wa chipani anakweza dzanja.

"Chaka chino za timapepala ayi," anatero akumwetulira. "Wobisa chala ali ndi chifukwa. Tituluke panja, aliyense aime kumbuyo kwa munthu wake, monga timachitira kuchipani. Kapena alipo wotsutsa?"

Masiku amenewo funso lotere silinkafuna yankho. Mipando inalira, anthu anayamba kutuluka.

Ine ndinachita zimene ndinkachita nthawi zonse. Ndinatembenukira kuzenera, kudikira kuti apongozi atuluke. Miyendo yawo inali yotupa chaka chimenecho, ankayenda mokoka, moti anatuluka onse atatha. Ndinawapatsa mpata wofika patali, kenako ndinatuluka.

Pabwalo mizere iwiri inali itaima kale. Opikisana awiri aja anayang'ana kukhoma, misana kwa anthu. Ndinamva mlembi akufuula, "Aliyense agwire phewa la amene ali patsogolo pake! Zodumpha mzere sitifuna. Wosagwira phewa sitimuwerenga!"

Ndinalunjika kumzere wa achimwene, ndipo nditayandikira miyendo inaima yokha. Wotsiriza pamzerewo anali apongozi anga.

Ndikuukumbukira msana wawo mpaka lero. Nsalu ya chipani itamangidwa m'chiuno, bulauzi yonyowa ndi thukuta, phewa lina lili pamtunda. Ndinali ndisanawaonepo pafupi chotero. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina wina watsalira adzaime pakati pathu. Panalibe. Wotsiriza ndinali ine.

Iwo anadziwa. Kaya anamva nsapato zanga, kaya anaona chithunzithunzi changa pansi. Anakoka mpango kuphimba nkhope, n'kuyamba kusuntha kuti asinthane malo ndi bambo amene anali patsogolo pawo. Wachinyamata mmodzi anawakuwa.

"Amayi, pomwepo! Mzere ukaima waima."

Anabwerera.

"Nanga inu a khansala a ku Nkope?" anafunsa mkulu wa chipani ali pamthunzi. "Mwatayika? Mizere ndi iwiri yokha, si mseu wa ku Blantyre."

Ena anaseka. Wina pamzere wa wasitolo anati, "Akuopa apongozi!" ndipo kuseka kunakula. Koma mkuluyo sanaseke. Anandiyang'ana ngati munthu wofuna kusunga nkhope yanga.

Ndinakweza dzanja. Mulungu ndi mboni, linakwera. Linafika pamene ndinkamva kutentha kwa thupi lawo, n'kuima m'malere. Mumtima ndinkati gwira, ndi fupa chabe ili, dooko lonse lili paphewa limeneli. Koma dzanja linali ngati la munthu wina. Mlembi ankabwera akuwerenga, akugunda mutu uliwonse ndi pensulo. Anagunda apongozi, anandiyang'ana ine, anayang'ana dzanja langa, n'kutembenuka.

Mizere inafanana.

Mkulu wa chipani anadzuka, napukuta kumbuyo kwa buluku. Anati pakafanana chotere, chipani monga kholo chimathandiza ana. Anayenda pang'onopang'ono n'kukagwira phewa la munthu wotsiriza pamzere wa wasitolo. Achinyamata anaomba m'manja, ena onse anatsatira.

Apo m'pamene achimwene anatembenuka. Anayang'ana mzere wawo kuyambira kutsogolo, nkhope ndi nkhope, akugwedeza mutu mothokoza. Atafika kumapeto anandipeza ndili ndekha pambali, dzanja lili pachifuwa. Sanakwinye nkhope. Anangochotsa kofiya wawo kumutu, n'kupukuta thukuta, n'kumuvalanso.

Tinabwerera m'kati. Achimwene anatenga ndodo yawo pampando waukulu n'kukakhala pabenchi ndi ife. Wapampando watsopano anathokoza, ndipo msonkhano unapitirira ngati palibe chachitika. Tinakambirana za zimbudzi za kumsika zimene zinadzaza. Tinakambirana za agalu oyendayenda pafupi ndi chipatala, ngati awomberedwe kapena eni ake achenjezedwe kaye. Panabuka mkangano wautali pa za njinga zodutsa pamlatho zopanda belu. Achimwene anayankhulapo pa za agaluzo, mofatsa, ngati kale. Ine sindinamve kanthu koma kulira kwa fani.

Pamapeto wapampando anati, "Pali kankhani kena kakang'ono kamene kakhalitsa." Linali dooko. Anati chitukuko sichidikira usipa kuuma, ndipo asodzi akhoza kusunthira kumtunda, kumiyala. Achimwene anaimirira.

"A wapampando, kumiyalako mwera ukawomba bwato limasweka. Amene anakwerapo bwato akudziwa."

"Zikomo, a khansala, tamva. Ovomereza akweze manja."

Manja anakwera, ena a anthu amene anali atangochoka pamzere wa achimwene. Anali ataona kumene mphepo yalowera. Otsutsa tinalipo ochepa. Ndinakweza langa mpaka kumwamba, ndipo kuseri kwa chipilala ndinaona dzanja la apongozi litakweranso. Langalo linali dzanja lomwe lija, lopepuka tsopano, pamene linalibenso ntchito. Anagamula kuti mathandala onse achoke msangamsanga, oyeza malo asanafike.

Pobwerera tinakwera lole imodzi ya matola. Apongozi anakhala kutsogolo ndi dalaivala, ine ndi achimwene kumbuyo pamatumba a mchere. Tinayenda mtunda wautali. Kenako achimwene anandigunda bondo.

"Ansembe."

"Achimwene."

"Musadzizunze. Ndinamumva mmene anakufunsirani munthu uja. Muli ndi ana ang'onoang'ono. Ena anatengedwa pa zochepa kuposa izi, mpaka lero sitikudziwa kumene ali. Ine ndakalamba, akanditenga atenga mafupa. Inu ayi."

"Achimwene, si choncho..."

"Basi. Alhamdulillah, tonse tikupita kwathu ndi miyendo yathu. Zampando ndi za Mulungu."

Anandikhululukira mlandu wa mantha. Nthabwala ya apongozi ija anaimva ali chiyang'anire kukhoma, koma anaitenga ngati nthabwala. Sizikanalowa m'mutu mwawo kuti munthu amene anamulera pa khoka lawo angataye dooko la midzi yonse chifukwa cha phewa la mayi wokalamba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, koma ndinaona kuti mantha ndi chifukwa cholemera, chimene mwamuna anganyamule. Changacho akanati chiyani? Akanaseka, kenako akanasiya kuseka.

Palinso china chimene chandisowetsa mtendere zaka zonsezi. Sindikudziwa ngati iwo sanalondole. Ndimadziuza kuti unali ulemu. Koma maso a mkulu uja ndinawaona ndithu, ndipo pena ndimaganiza kuti dzanja langa linapeza pobisala pabwino kuseri kwa mwambo. Ndafunsa mtima wanga m'tchalitchi ndi panyanja, sunandiyankhe.

Titafika kumudzi apongozi anatsika n'kulowera njira ya kuseri. Mkazi wanga anabwera kuchokera kwa mayi ake ali wodabwa. Anati, "Amayi akana kudya, akungoti miyendo. Kwachitika chiyani ku boma?" Ndinati mpando wapita kwa wina, dooko nalo lapita. Anakhala pansi pomwepo pakhonde. Za mzere sindinanene, ndipo ndikhulupirira kuti mayi akenso sananene mpaka kumanda.

M'mawa mwake ndinapita kudooko. Mbiri inali itafika kale. Amayi ankaolera usipa wosauma m'madengu, ena akutukwana m'Chiyao. Mayi wina atandiona analavula pansi. Anyamata ankakankhira mabwato m'madzi kuti akaone ngati kumiyala kuja kuli poti n'kukocheza.

Achimwene ndinawapeza pa thandala lawo lalikulu, limene ndinathandiza kumanga ndili mlovi. Anali atavula mkanjo, atatsala ndi kabudula, akumasula zingwe ndi mano. Sanafune kudikira kuti achinyamata adzagwetse ndi zikwanje, chifukwa mitengo yake inali yabwino. Ananditukulira maso.

"Mwadzuka, ansembe? Mwabwera ndi pemphero kapena ndi manja?"

"Ndi manja."

"Gwirani uko. Musakoke, ingogwedezani, muzuke wonse."

Ndinavula malaya, ndinagwada pamchenga, n'kuyamba kugwedeza mtengo wa pakona. Unalowa pansi kwambiri, ndipo unatenga nthawi. Utazuka tinausenza awiri, iwo kutsogolo ine kumbuyo, kulowera kumiyala.