Mzukwa wa Lung Bunlert wamwa zofiira

"Ndiye mwati mzukwa uja ndi umenewu?" anafunsa Luang Pho, mkulu wa amonke, ansembe a pakachisi pathu. "Ine ndimayesa ndinu mukupempha mpunga wowonjezera."

Iii, manyazi ake Lung Bunlert! Paja iwowa ndi amene amaumba ziboliboli za simenti kuseri kwa kachisi, m'munda wa gehena, kumene makolo amatikokera kuti tikaone zomwe zimagwera abodza ndi akuba. Koma munthuyu mantha! Nalimata akangolira, iwo ali kale panja. Ndiye ziwanda zawo zonse zimatuluka ndi nkhope zopepesa.

"Pa chikondwerero chopereka mikanjo kwa amonke, mwana ngakhale mmodzi alire ndi mantha," anatero Luang Pho. "Apo ayi, ntchito ndipatsa amisiri a ku Bangkok."

Zaka makumi awiri pantchito, taganizani!

Kunyumba akazi awo, Pa Lamai, anali kusinja papaya ndi tsabola. "Bambo, ingoumbani nkhope yanga ya tsiku lija munaphikitsa mpunga mpaka kupserera."

"Ndinayesa, mayi. Manja ananjenjemera."

Basi anaumba mzukwa wa anthu aumbombo: wogwada, nthiti mbee, chimimba chonchi! Kukamwa kumayenera kuchepa ngati diso la singano, kuti usalawe kanthu. Koma simenti inali itayamba kugwira, singano palibe. Anangosolola kapaipi komwera m'khofi wawo wozizira, n'kuboola.

Tsiku lachikondwerero, ana phee. Wina mpaka anaukumbatira mwendo! Kenako panafika Yai Thongsuk, gogo wogulitsa msuzi, woumira uja amamana galu ngakhale adzukulu ake omwe.

"Kalanga ine, mwana wa eni ali ndi ludzu!"

Anagula botolo la zakumwa zofiira, zija timapatsa mizimu, n'kulowetsa kapaipi pakamwa paja. Kanakwana ndendende! Ena anatengera, moti pofika masana mabotolo anali mbwee, nkhata za maluwa m'khosi, nsalu zamitundu itatu m'chiuno.

Lung Bunlert anayamba kulongedza zipangizo. "Ine ndine mmisiri wa gehena, eti? Ndamangira mzukwa golosale."

"Sanalire ngakhale mmodzi," anatero Luang Pho kumbuyo kwawo.

"Ndaona, Luang Pho. Ndalira ndine."

"Koma Yai Thongsuk watulutsa ndalama, mabaht khumi, ndi dzanja lake. Ine ndamulalikira za chifundo mpaka mano kutha, osatheka."

"Ndiye a ku Bangkok aja sabwera?"

"Abwera. Mfumu ya gehena aumba ndi iwo, inu mungaipange ngati ikufunsa njira. Koma mizukwa yanjala ndi yanu. Ndikufuna ina itatu."

Lung anagwada, mphumi mpaka pansi, chipande cha simenti chili m'manja.

"Mawa ndikabwerako kolandira chakudya m'mudzi, mundipeze pano tiyeze malo," anatero Luang Pho. "Mudutse njira yakumsika. Yachidule ija ili ndi galu, mungadzafike masana."