Theka la Malata

Ku Kapondo anthu ankamudziwa Esitele ngati mayi wokoleka ngolo. Mwamuna wake, a Cyprian, adagula galimoto yakale zaka zimene alimi a m'midzi adayamba kulima fodya wa bale, ndipo adawotcheretsa ngolo ya matayala awiri yokoka kumbuyo. Kuyendetsa ankatha, koma pobwerera m'mbuyo ankangophonyaphonya. Esitele ndiye ankaima pambali n'kumakodola ndi dzanja mpaka kachitsulo kobulungira ka kumbuyo kwa galimoto kafike pansi penipeni pa mkono wa ngolo. Akatsitsa mkonowo ankalowetsa pini, n'kuugwedeza ndi mphamvu kuti aone ngati wagwiradi. Kenako ankapingasa matcheni awiri kunsi kwake, kuti ngolo ikamasuka mkono ugwere pamatcheni, usakumbe msewu. Pomaliza ankafuula kuti, "Pondani buleki!" n'kuyang'ana ngati magetsi akumbuyo ayaka.

Amayi anzake ankamuseka kuti adakwatiwa ndi ngolo. Iye ankangomwetulira. Mtima wake wonse unali pa nyumba yatsopano. Njerwa adaumba ndi alongo ake pamalo a kwawo, popeza a Cyprian anali mkamwini. Mu 1998 makoma adatha, mitengo ya denga idakwera, ndipo fodya wa chaka chimenecho adagula malata. Nyumba yakale inali itapendekeka, yosayembekezeka kupirira dzinja lina.

Mitambo itayamba kusonkhana cha ku Zambia, a Cyprian adagogoda lata limodzi ndi chala n'kupukusa mutu.

"Mayi a Rozi, awa ndi mapepala, si malata. Ku Chipata kuli mnzanga wa sitolo, akandisinthira okhuthala."

"Mvula ili pafupitu, bambo a Rozi."

"Mkucha ndili pano. Tiyeni tikweze onse."

"Onsewa ayi. Ngolo ikalemedwa imavina pamsewu, idzakukokerani m'ngalande. Tengani theka, enawo mudzawabwerere."

"Kodi dalaivala ndinu?"

"Dalaivala ndinu, koma wolira ndidzakhala ine."

A Cyprian adang'ung'udza, koma adagonja. Esitele adasanja malatawo yekha, kulemera kwake kutsogolo pang'ono kwa matayala, adakunga zingwe mpaka zikhato zidafiira, n'kumangirira kansalu kofiira pamene malata adatulukira kumbuyo. Adawakumbutsanso kuti potsetsereka asathamange, ndipo akayenda pang'ono aime aone zingwe.

Mkucha udafika, sabata idatha, a Cyprian osaoneka. Tsiku la msika Esitele adakumana ndi Shamira, mayi wogulitsa zitenje amene ankapikula katundu wake ku Chipata. Shamira adamukokera kuseri kwa benchi.

"Mayi a Rozi, ndikabisa ndichimwa. Ngolo yanu ndaiona kutsidya kwa malire, pakhomo pa Loveness, uja amaphikira madalaivala. Akhomera nyumba malata atsopano. Mwini nyumbayo ali ndi pakati."

"Mwina ndi ngolo ya wina."

"Ngolo imene imandinyamulira mabelo ndingaisokoneze, achemwali? Ndipo bambowo ndawaona ndi maso angawa, ali pa makwerero."

Esitele sadalire pamsika. Pobwerera kwawo ankangoyang'ana zikhato zake. Ndi zomwezo zidasanja malata aja, zidakunga zingwe, zidayesa pini, kuti denga la mkazi wina likafike losapindika ngakhale pangodya. Ndipo mwamuna wakeyo ankangomuyang'ana akutuluka thukuta.

Sadafikire kunyumba. Adapita kwa a Wilson, kalipentala wa m'mudzimo, n'kuwatengera pa malata otsala. A Wilson adayeza ndi maso.

"Awa akwana chipinda chimodzi ndi kachigawo ka pabalaza basi, mayi."

"Khomani pomwe akwanire. Lero lomwe."

A Cyprian adatulukira mawa lake masana, ngolo ikugubuduka yopanda kanthu. Hamala inali ikulira padenga. Adatsika mothamanga.

"Mwatani apa? Ndabwerera otsala aja! Wa sitolo akuti awaone onse kaye."

"Wa sitoloyo dzina lake ndi Loveness?"

A Wilson adasiya kukhoma. A Cyprian adayang'ana pansi, kenako kumsewu.

"Mayi a Rozi, anthu amanama. Tiyeni tikakambirane m'nyumba."

"M'nyumba muti? Chipinda chofolera ndi chimodzi, changa ndi ana. Nkhaniyi mukakambe ndi amalume, ndawauza kale."

Madzulo a tsikulo galimoto idachoka pamudzi ndipo sidabwererenso. Mvula yoyamba idagwa sabata yomweyo. Esitele adalowetsa ana, mphasa ndi matumba a chimanga m'chipinda chija, mothithikana. Pabalaza madzi ankagwera pansi mwachindunji, n'kumayenda m'mbali mwa khoma. Iye adatenga khasu, adakumba kangalande pakhomo kuti asafike kuchipinda, ndipo kutacha adapita kudambo ndi chikwakwa kukafuna udzu wofolerera mbali yotsalayo.