Dzanja la m'mphepete mwa chithunzi

Mlongo wanga wamkulu anabwerera kwathu kwa Nkomeshya chaka chimene migodi inayamba kuchotsa anthu ntchito. Anabwera ndi sutikesi imodzi, phewa lakumanja lopendekeka, ndi kachidutswa ka nyuzipepala kokutira m'pulasitiki. Pakachidutswapo panali chithunzi cha mnyamata wa ku Kenya akuthamanga ndi mpira wonga dzira, wa ragibi ija amasewera anthu asanu ndi awiri mbali iliyonse. M'mphepete munkaoneka dzanja la munthu litagwira kabudula wake, koma nkhope panalibe. Alongo anga ankati dzanjalo ndi lawo, ndipo phewa linathyoka tsiku lomwelo.

Palibe anawakhulupirira, ndipo wotsogolera kukana ndinali ine. Ndinali wapakamwa, komanso ndinali nditatopa. Atate ankadwala, pulawo ndinkagwira ndine, chimunthu chachifuwa ngati chitseko chili khale pamthunzi kutiwerengera za Mkenya wakeyo. Alongo angawo akapita kumsika ku Chongwe ankapempha amayi ogulitsa vitumbuwa kuti ayambe aona manyuzipepala akale asanakulungire malonda. Ankabwerako ndi nkhani: uja tsopano ndi kaputeni, uja wakwera ndege, uja nkhope yake ili pazikwangwani. Ankakondwa ngati ndi mwana wawo wobereka. Ine zinkandinyansa.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina ndikumanga ng'ombe pagoli, ndinawauza pamaso pa alamu ndi anansi kuti dzanja aliyense ali nalo, ndipo ngati lawolo linagwiradi munthu wotchuka, ligwireko pulawo. Anthu anaseka. Alongo anga anavula malaya n'kundilanda pulawoyo.

Analima mizere itatu yowongoka bwino. Pa wachinayi pulawo inakodwa pachitsa, ng'ombe n'kukoka mwamphamvu. Phewa linamveka kuti thyo, ine ndili kumapeto kwa munda. Anakhala pansi m'matope dzanja likulendewera, osalira ngakhale pang'ono. Tinawatengera pangolo mpaka kumsewu waukulu, n'kukwera minibasi ya ku Lusaka. Kuchipatala adokotala anati fupalo linathyokapo kalekale ndipo linalumikizana mokhota, moti munthu wotere sankayenera kugwira ngakhale khasu. Kenako anafunsa okha ngati alongo anga ankasewera ragibi, poti kuvulala kotere amakuona mwa anyamata a masewerawo. Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana.

Tsiku limene anawatulutsa, tili m'minibasi, ndinati, "Nakhulupilila manje. Niuzenikoni mwamene munamugwilila uja wa ku Kenya."

Anayang'ana pawindo. "Siya, mlongo wanga. Ninaiwala."

Anakhala nafe zaka zina zingapo, akudyera dzanja lamanzere, ndipo za ragibi sanazitchulenso. Ndinkayesa kuwabweretsera manyuzipepala ndikapita ku boma, iwo ankangopatsira amayi athu osatsegula n'komwe, kuti akolezere moto. Anamwalira ndisanamve kuti masewera a pachithunzi aja anatha bwanji, ndipo palibenso woti ndimufunse.