Pulagi ya Mano Awiri

Kaphokoso kake n'kochepa, kamangoti tsii, ngati dontho la madzi pachiwaya chamoto. Koma ndikakamva usiku ndimadzambatuka, dzanja n'kuyamba kufufuza pabedi ngati mwana wanga Favour ali pompo. Ndiye kuti magetsi ayaka, ndipo amuna anga, a Morton, ali pakona ndi mawaya awo.

A Morton amadulira tiyi ku esiteti. Zamagetsi sanaziphunzire kulikonse. Anayamba ali Sitandade 6, atamasula wailesi ya amalume awo n'kulephera kuibwezera, ndipo chikwapu cha tsiku limenelo sichinawachiritse. Mpaka lero akaona wailesi yakufa kudzala amaitola, kuchotsa tizidutswa, n'kupanga timatochi. Sagulitsa ayi. Amangopatsa anthu.

Titakwatirana anabwera kudzakhala kwathu kuno, kufupi ndi Chonde, m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Soketi ilimo imodzi, m'munsi mwa khoma, poti munthu wokwawa amayang'anizana nayo. Chowotcherera mawaya chawo chinali msomali waukulu wokhomera pakamtengo. Ankautenthetsa pambaula, n'kumasungunulira mtovu. Favour atayamba kukwawa, ine ndinayamba kuvuta.

"Bambo a Favour, gulani chamagetsi. Mbaula m'nyumba muno itipweteka."

Ndinanena ndine. Zimenezo sindiiwala.

Loweruka lina anapita kukaona azakhali awo ku Milanje, kutsidya kwa Muloza, n'kubwera ndi chowotcherera chamagetsi cha chogwirira chofiira. Koma pulagi ya ku Mozambique ili ndi mano awiri obulungira, pomwe soketi yathu imafuna atatu. Anayesa uku ndi uku, kenako anatenga lezala, kudula pulagiyo, kusenda mawaya n'kuwalowetsa m'soketi. Anatsinira ndi timitengo ta machesi kuti asatuluke.

"Aliyense amatero, amake Favour," anatero ataona nkhope yanga.

Ndipamene ndinazindikira kuti mbaula inali ndi ubwino wake. Imaoneka kuti ndi moto, ndipo Favour ankaizemba yekha. Ichi chikatentha sichisintha mtundu. Chimangogona patebulo ngati cholembera, chingwe chake chili lende.

Lamulungu masana magetsi anazima a Morton ali pakati pa ntchito. Anasiya zonse mmene zinalili n'kupita kukasamba. Ine ndinali pakhomo, ndikusola nandolo, Favour akusewera kumbuyo kwanga. Magetsi akamabwera sagogoda. Ndinangomva fungo la pulasitiki yopsa. Nditacheuka ndinaona nsalu ya patebulo ikufuka, ndipo Favour anali atagwada pakhoma, dzanja limodzi pachingwe, tizala ta dzanja linalo tikufuna kuzula kamtengo ka machesi.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pamenepo. Nandolo anamwazika nyumba yonse. Mwana sanapse, sanagwidwe ndi magetsi, anangolira chifukwa ndinamukoka mwamphamvu. 

Chowotchereracho chitazizira ndinachikulunga m'chitenje n'kukachibisa kwa amayi, pansi pa thumba la chimanga. Masiku atatu a Morton anali ngati munthu wosiya fodya. Kukhala pansi, kudzuka, kutsegula katoni ya tizidutswa, kutsekanso. Sanakalipe. Tsiku lachitatu anafunsa.

"Amake Favour, mwachionako?"

"Ndachiona."

"Chili kuti?"

"Komwe chiliko chili bwino."

Anayang'ana Favour, yemwe ankaluma chivindikiro cha botolo. Kenako anati, "Mawa tipitire limodzi pa Chonde. Mukasankhe nawo."

Pa Chonde pali kashopu ka a Hopeson, mnzawo wa kusukulu, wogulitsa mababu ndi machaja. Atationa anaseka.

"Morton, lero wabwera ndi apolisi?"

"Tulutsa zowotcherera, usalongolole."

Anatulutsa zitatu. A Hopeson ankakometsa chachikulu, ati sichichedwa kutentha. A Morton anati chimenecho chingapsereze tizidutswa tawo, iwo akufuna cha mutu wosongoka ngati pensulo. Anakangana za mawatsi, ine ndikusuntha mwana kumsana. Kenako ndinalowererapo.

"Alamu, nanga choti chikatentha chizionetsa kuti chatentha, chilipo?"

"Chilipo cha kagetsi kofiira, switchi pachogwirira, ndi kachitsulo koimikapo. Koma kuno mulibe, mlamu. Ndikapita ku Limbe Lachisanu la sabata yamawa ndingabwere nacho."

"Pulagi yake?"

"Mano atatu, ngati yathu."

Lachisanu la sabata yamawa kunali kudikira masiku asanu ndi anayi. Pa zitatu zija panali chimodzi cha mutu wosongoka, cha mano atatu, chopanda kagetsi. A Morton anachinyamula, kuchigwira ngati akulemba, kuchitembenuza. Ndinaona mmene chala chawo chinkasisitira kumutu kwake, ndipo ndinadziwa kuti akanena kuti tikutenga chomwechi sindikhala ndi mawu ena. Favour anatambasula dzanja kuchokera kumsana kwanga, kufuna kugwira chingwe chake.

A Morton anachibwezera pakauntala.

"Ubwere nacho cha kagetsicho. Lero undipatse soketi ya switchi ndi waya mamita awiri." Anatembenukira kwa ine. "Ndiuza a Moffat, amagetsi a ku esiteti aja, adzaikweze pamwamba, poti ngakhale inuyo muzichita kunyanyamphira. Mpaka atabwera, sindiwotcherera kanthu."