Mmene Mayi Tapumani Anayezera Amuna Awo

Dzina lawo lenileni linali pa kabaji ka pachifuwa, koma palibe amene ankaliwerenga. Pachipatala ponse ankawatchula kuti Mayi Tapumani, chifukwa mawu amenewo ndi amene ankatuluka pakamwa pawo kuyambira m'mawa mpaka poweruka: "Tapumani kwambiri. Tatulutsani. Tapumaninso." Anali namwino wamfupi, wojintcha, wa manja ofunda, ndipo ntchitoyi anaigwira zaka makumi atatu ndi ziwiri.

Chiyambi chawo sichinali chopatsa chiyembekezo. Ali kusukulu ya unamwino, tsiku loyamba kuyeza munthu weniweni anawapatsa mkulu wina wodwala mwendo. Anakoleka m'makutu chida chomvera m'chifuwa, n'kuchiika pamtima pa mkuluyo. Zii. Anasunthira pambali. Zii.

"Aphunzitsi," anatero, "mtima wawo sukugunda."

Mkulu uja anadzambatuka n'kukhala tsonga. "Ndiye kuti ndafa? Nanga bwanji mwendowu ukupwetekabe?"

Aphunzitsi anangopotokola kamutu ka chidacho, kamene kanali kotseka, n'kunena kuti, "Mwana iwe, munthu akukuyang'ana, akuphethira. Yamba wafunsa, uyang'ane, ukhudze, ugogode, kenako umvetsere. Chida chimabwera pomaliza."

Manyazi a tsikulo anawaphunzitsa kuposa mabuku onse. Patapita zaka, wodwala akamalowa pakhomo iwo amakhala atayamba kale kumuyeza: kayendedwe kake, mtundu wa milomo, mmene wakhalira pampando. Vuto linali lakuti maso amenewa sankaweruka. M'basi ankauza kondakitala kuti akaonetse chotupa cha pakhosi pakecho. Kunyumba ana awo atatu anakula osajombako kusukulu ndi bodza, poti wonamizira m'mimba ankagonekedwa pabedi, kugogodedwa, n'kupatsidwa chikwama chake.

Munthu mmodzi yekha ndiye anawakanika: amuna awo, dalaivala wa malole, bambo wamtali wonyadira thupi lake.

"Ine ndine injini yosatsegulidwa boneti," ankatero. "Zoyeza zanuzo muzizisiya kuntchito, mayi a ana."

Mayi Tapumani sanakangane nawo. Anangoyamba kuwagwira dzanja poyenda mumsewu. Anthu oyandikana nawo ankasirira, amayi ena n'kumadzudzula amuna awo kuti taonani anzanu. Bambowo ankayenda chifuwa chili patsogolo kwa zaka zingapo, mpaka tsiku lina anaona kuti zala za akazi awo zili pamtsempha, maso ali pawotchi, milomo ikugwedezeka.

"Mukuwerenga chiyani?"

"Musandisokoneze, ndiyambiranso."

Kuyambira pamenepo bambowo ankayenda manja ali m'thumba.

Atapuma pantchito ya malole, zinthu zinayamba kusintha, ndipo Mayi Tapumani ankaziona zonse. Nsapato anazing'amba m'mbali ndi lumo, amvekere nsapato za masiku ano zimafota. Pabedi anawonjezera pilo wachiwiri, kenako wachitatu. Pokwera masitepe anayi a pakhonde ankaima pa lachiwiri, n'kumayamikira denga la nyumba yoyandikana nayo ngati aliona koyamba. Mayiwo anawapempha bwinobwino kuti apite kuchipatala. Anakana. Anatuma mwana wawo wamkazi. Anakananso.

Tsiku lina m'mawa, akumanga lamba wa yunifomu, mayiwo analankhula ngati akudziyankhulira okha.

"Lachinayi kukubwera ophunzira unamwino. Akufunika munthu woti aphunzirirepo kuyeza, wa msinkhu wabwino, chifuwa chotambalala. Ndikuganiza zopempha mchimwene wanga."

"Alamu?" Bambowo anatsitsa wailesi. "Aja amatsokomola akangoona fumbi pachithunzi? Mukufuna anawo aphunzire zolakwika?"

"Nanga ndipemphe ndani?"

Lachinayi bambowo anafika atamanga tayi. M'chipinda choyezera munali bedi lalitali, katani, sikelo ndi ophunzira asanu ndi atatu atagwira makope. Mayi Tapumani anasankha mtsikana wina wamanyazi kuti ayeze, iwo n'kukakhala pakona. Mtsikanayo anasamba m'manja, anapereka moni, anapempha chilolezo, n'kuyamba mafunso.

"Bambo, mumasuta?"

"Ndinasiya."

"Lolemba lapitali," anatero mawu a pakona.

"Mumagona bwino?"

"Ngati khanda."

"Pa mapilo angati?"

Bambowo anatembenukira kukona kuja. "Kodi akuyezedwa ndi ine kapena mapilo?"

Ophunzira anaseka, ndipo bambowo anasangalala kuti apeza anthu odziwa nthabwala. Anavula malaya okha asanauzidwe, n'kukoka mimba mkati. Mtsikana uja anawamanga lamba pamkono kuti ayeze kuthamanga kwa magazi. Anayang'ana manambala, anamasula, anayezanso mkono winawo. Kenako anapinda buluku, n'kudina pamsongolo ndi chala chachikulu. Atachotsa chalacho panatsala kadzenje.

"Mwaona?" anatero bambowo. "Kufewa ngati mpando wa galimoto yatsopano."

Apa palibe anaseka. Mtsikanayo anapita kumsana kwawo, n'kuika chida chomvera m'munsi mwa nthiti, mbali iyi ndi iyo. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anayang'ana Mayi Tapumani ndi maso opempha thandizo.

"Usayang'ane ine," anatero mayiwo. "Uza eni thupi zimene wapeza."

Mtsikanayo anatembenukira kwa bambowo. "Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri. Miyendo yatupa, muli madzi. M'munsi mwa mapapo mukumveka kuthetheka, ngati munthu akutikita tsitsi pafupi ndi khutu. Ndikuona kuti ndi bwino adokotala akuoneni lero lomwe."

Bambowo anayang'ana kadzenje ka pamwendo kaja, kamene kanali kasanabwererebe. Mimba imene anaikoka ija inatsika yokha.

"Mayi a ana, munkadziwa?"

"Miyezi inayi tsopano. Mukagona masana pampando ndimakhala ndikuwerenga mpweya wanu." Munthu amene anauzapo anthu mazanamazana nkhani zovuta osaphethira anavula magalasi, n'kumawapukuta ndi ngodya ya yunifomu nthawi yaitali kuposa mmene amafunikira. "Ndinakunamizani za mchimwene wanga. Pepani. Ndinalibe njira ina."

Bambowo anatambasula mkono, n'kuwapatsa dzanja okha, mtsempha uli pamwamba.

Adokotala anatsimikiza kuti mtima unali utatopa, koma anafika nthawi ikadalipo. Anawapatsa mapilitsi, anawaletsa mchere wambiri ndi fodya, n'kuwauza kuti azikwera sikelo m'mawa uliwonse. Mlungu woyamba bambowo ankadandaula kuti mapilitsi ochotsa madziwo awasandutsa mlonda wa chimbudzi. Mwezi usanathe anagula nsapato zina, ndipo sanazing'ambe.

Nkhani imene inafika kwa anzawo kometera tsitsi inali ina. Kumeneko anafotokoza kuti achipatala anachita kuwaitana kuti akaphunzitse anamwino, ndipo ali mkati mophunzitsa anazindikira okha kuti mtima wawo ukufuna sevisi. Posakhalitsa anayamba kupinda mabuluku a anzawo n'kumawadina pamsongolo, wina akumetedwa, wina akudikira. Aliyense amene ankamukayikira ankamutumiza kunyumba kwa Mayi Tapumani.

Chaka chimene Mayi Tapumani anapuma pantchito, ankayembekeza kuti azidzuka mochedwa Loweruka. M'malo mwake ankapeza azibambo atatu kapena anayi atandanda pakhonde, mabuluku atapinda mpaka m'maondo, amuna awo akuyendayenda kutsogolo kwawo ngati mkulu wa wodi ya kuchipatala. Mayiwo ankadandaula, koma ankasamba m'manja n'kuyamba kufunsa. Awiri mwa anthu amenewa anawatumizadi kuchipatala, ndipo mmodzi anabwera kudzathokoza ndi banja lake lonse.

Wina anali telala, amene bambowo anamubweretsa akuthamanga, amvekere uyu ndiye watupa koopsa. Mayi Tapumani anagwada, anayang'ana, anakhudza, n'kudzuka.

"Bambo a ana, munthuyu wavala masokosi awiriawiri."

"Ndinaona," anatero bambowo osagwedezeka. "Ndimafuna ndione ngati inu muone."