Ampulifaya ya Yusufu yawamvetsa Bambo mawu a Mayi

Salaam aleikum nonse.

Ampulifaya yokwezera mawu m'mahedifoni ija mchimwene wathu Yusufu wakhala akupanga m'kachitini ka mabisiketi, ndi zida za mawailesi akufa, yalira lero masana.

Poyesa, anailumikiza ku wailesi ya kaseti, n'kuika kaseti ya malemu Mayi akuimba pa ukwati ku Chia. Mahedifoniwo anawaveka Bambo, paja makutu awo akuvuta masiku ano.

Bambo anamvetsera ali pakhonde, atatsinzina. Kenako anati, "Yusufu, ndikuwamva ngakhale pamene akukoka mpweya."

Sanalire ayi. Amangoibwereza kasetiyo mpaka tiyi anazizira.

Mawa Yusufu akubwerera ku Dwangwa, ndipo ampulifayayi anaipanga kuti azimvera nyimbo zake. Iye sananene zoti awasiyira, Bambonso sanaipemphe. Inu mukuti bwanji, ayambe kulankhula ndani?