Tebulo la ku Turkey ndi Mbale ya Tadala

Ndinaganiza zochoka kukagwira ntchito kunja kwa dziko m'chaka cha 2016, patatha miyezi isanu ndi umodzi chimwalirireni bambo a Tadala. Malipiro a unamwino ankatha mwezi usanafike pakati, ndipo mwana wanga, wa zaka khumi, ankafunika sukulu yabwino. Achimwene anga aakulu a ku Bangwe ndi amene anandilimbitsa mtima. "Pita mlongo," anatero, "Tadala ndi wathu. Pomwe azidya ana anga azidyanso pomwepo." Alamu, akazi awo, anagwedeza mutu uku akumwetulira. Lero ndikakumbukira kumwetulira kumeneko mtima umachita kuwira.

Ntchito ndinaipeza ku nyumba yosamalira okalamba ku Wigston, chipinda ndinachipeza ku Highfields mu Leicester. Ndinkatsuka zilonda za makolo a eni maola khumi ndi awiri, n'kubwerera kudzadya buledi ndi tiyi nditakhala pabedi. Kudya wekha tsiku ndi tsiku kumadwalitsa, musamve zina. Ndinkadzitonthoza kuti kwathu sikuli choncho, mwana wanga akudyera limodzi ndi abale ake. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama osaphonya, Lamlungu n'kuimba foni. Tadala ankayankha mwachidule, alamu ali pambali pake: "Tili bwino, amayi."

Amene ananditulutsa m'chipindamo ndi mnzanga wa kuntchito, Mai Mwansa a ku Zambia. Loweruka lina anandiimbira: "Iwe Esinati, uzafela mu rumu. Nabukinga tebulo, vala tiyende." Ananditengera ku kalesitilanti ka anthu a ku Turkey.

Tisanaitanitse kanthu, mayi wina wojintcha, mwini malowo, anayamba kutula timbale: buledi wotentha wofufuma ngati pilo, mabiringanya owotcha n'kusinja, tomato wa tsabola, timasamba ta mpesa tokulungamo mpunga. Ine mantha. Kwathu chimene chafika patebulo la lesitilanti umalipira, ndiye ndinakankha mbale n'kunong'ona: "Sisi, auzeni achotse, sindinaitanitse izi." Mai Mwansa anaseka mpaka misozi. Anati zimenezo amati meze, zoyambira chabe, ndipo zina mayiyo amangopereka ulere. Nditamva za ulere ndinadya ngati ndachokera kumunda. Pomwe kebabu ankafika, nyama ya nkhosa yowotcha pamakala, ndi tirigu wophika ngati mpunga, m'mimba munali mutadzaza kale buledi. Anandipatsanso ayirani, chambiko chathu chomwechi koma chothira mchere. Koyamba ndinachita tsinya, kachiwiri ndinapempha wina. Pomaliza mayi uja anabwera ndi tiyi m'timatambula ting'onoting'ono, anakhala nafe, n'kundifunsa ngati ndili ndi mwana. Chaka chathunthu chinali chitadutsa popanda munthu wondicheza ndikudya.

Mai Mwansa anandijambula ndili kuseri kwa mbale zonsezo, ndipo ine, kupusa kwanga, ndinaponya chithunzicho pa gulu lathu la banja la pafoni. Ndinkangofuna aone kuti ndili moyo. Achimwene analemba kuti, "Ena akudyerera." Kuyambira pamenepo mauthenga anachuluka: denga likudontha, ufa wakwera, Tadala amadya kwambiri. Ndinkatenga mashifiti owonjezera n'kutumiza. Ku lesitilanti ndinkapitabe kamodzi pamwezi, nthawi zambiri kukangomwa supu wa mphodza wofinyiramo ndimu, wotchipa kuposa zonse, koma ndinkamwa ngati ndaba.

Ndinabwerera kumudzi mu Ogasiti 2019. Anandilandira ndi nthungululu, nkhuku ziwiri zinafa. Masana tinakhala patebulo: achimwene, alamu ndi ana awo atatu, onse osalala masaya, wamkaziyo atavala diresi imene ndinagulira Tadala. Tadala, atatalika n'kuonda ngati bango, anatisambitsa m'manja atagwada, anatula mbale, n'kutuluka.

"Mwana akupita kuti?" ndinafunsa.

"Amakonda kudyera kukhitchini ameneyo," anatero alamu. "Idyani alamu, zizizira."

Ndinadzuka. Ndinamupeza kuseri kwa khitchini atakhala panjerwa, akupala nkhoko za mpunga m'poto, ndiwo zake mutu wa nkhuku. Sanadzidzimuke, ndipo zimenezo n'zimene zinandilasa kwambiri, anali atazolowera. Ndinamufunsa kuti zinayamba liti. Anayang'ana pansi.

"Chibwerereni chithunzi chija. Anti anandionetsa, amvekere: 'Mayi ako akudya okha mbale khumi, iwe ukufuna utimalizire ufa?'" Kenako anandifunsa, "Amayi, zonse zija munadyadi nokha?"

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi zovala zanga za paulendo, n'kuyamba kudya naye m'potomo. Achimwene anatuluka mothamanga.

"Mlongo, lowa m'nyumba, maneba akuona."

"Aone! Munati pomwe azidya ana anu azidyanso pomwepo. Ndi pano?"

"Nkhani za kukhitchini izi, ine sindimazidziwa."

"Zaka ziwiri mukudya patebulo osaona kuti mpando wina ulibe munthu?"

Alamu anaima pakhomo manja m'chiuno, akuti ana a masiku ano ndi abodza, komanso kulera mwana wa mwini n'kosayamikika.

Zaka zitatu ndinkalirira kwathu, ndikumanyadira kwa azungu a kuntchito kuti ife sitilola munthu kudya yekha. Mayi wa ku Turkey, wosandidziwa, wa chipembedzo china, ankakoka mpando kudzakhala nane akandiona ndili ndekha ndi supu wanga. Kuno magazi anga enieni ankadyetsa mwana wanga kuseri ngati galu, chakudya chogula ndi thukuta langa. Sindinawakhululukire mpaka lero, ndipo abusa asadzavutike kundifunsa. Koma ndimadzikwiyiranso ndekha, chifukwa "tili bwino" wa mwana ameneyu ndinkamumva kuti ndi wouma, ndikumasankha kukhulupirira kuti ndigwire ntchito mtima uli m'malo.

Sitinagone m'nyumbamo. Ndinaitana takisi yotitengera kwa apongozi anga ku Zomba, n'kumuuza Tadala alongedze zake zonse, asasiye kanthu. Khirisimasi iliyonse ndinkatumiza sutikesi ya zovala ndi nsapato, choncho ndinapempha dalaivala atsegule kumbuyo kwa galimoto, achotsemo ndi zake zomwe kuti malo akwane. Tadala analowa m'nyumba, ndipo posakhalitsa anatuluka atanyamula jumbo imodzi.